Digiri ya Madayisi

Mwana wa achemwali anga ali m'chaka chachitatu kuyunivesite. Akuti amaphunzira za chuma. Koma mukapisa m'chikwama chake mupeza bolodi la chesi, madayisi awiri, makadi othaitha ndi kachipangizo koseweretsera mpira pa TV. Buku ndinapezamo limodzi lokha, nalonso n'lophunzitsa chesi. Imvani zomwe watichititsa mnyamatayu.

*

Tsiku lina ali kusukulu, mayi ake anamuimbira foni iye ali pakati pa Monopoly, masewero ogula misewu ndi nyumba aja.

"Amayi, mundiimbirenso. Panopa ndili kundende."

"Kundende? Walakwa chiyani mwana wanga?"

"Palibe, tsoka chabe. Ndikalipira 50 nditulukamo."

Foni thii! Achemwali sanafunse zambiri. Anakongola K50,000 kubanki m'khonde, n'kutumiza pafoni, kenako n'kukwera basi akulira. Anakamupeza wandendeyo ali pabedi, akumanga hotela.

*

Patchuthi anabwera nayo Monopoly ija kunyumba, ya misewu ya ku London. Usiku umodzi wokha anagula Mayfair pa mapaundi 400, n'kulanda nyumba za azilongo ake onse. Kutacha anandipeza pakhonde.

"Amalume, mungandithandizeko ya minibasi?"

"Bwana, si inu munali ndi mahotela awiri ku London dzulo?"

"Ndi ineyo, koma kondakitala ndalama zimenezo salandira."

Madzulo ndalama zapepala zija zinasowa. Tinafufuza nyumba yonse mpaka kuseri kwa mtondo. Kenako tinazipeza pamfundo ya chitenje cha agogo ake aakazi. Akuti anaona mwana akumwaza ndalama zakunja pamphasa, ndiye anamusungira za fizi.

*

Mpira wa pa TV uja anausintha dzina mu 2023, pano ndi EA Sports FC, koma anyamata onse amangoti FIFA. Ndiye mnyamata wathu anauza bambo ake monyadira kuti watenga chikho cha Champions League ndi Real Madrid.

"Chabwino. Nanga mayeso?"

"Kumeneko, bambo, tikulimbana ndi zoti tisatuluke mu ligi."

Tsiku lomwelo mnzake anamuthira zigoli zinayi kwa duu. Kutatsala mphindi imodzi magetsi anazima. Mnyamata anadzuka, n'kugwira mnzake chanza: "Tangolepherana, amwene."

Loweruka anyamata a m'dera anamutengera kubwalo lenileni, lafumbi. Mphindi khumi zokha, ali wefuwefu, lilime panja.

"Vuto n'chiyani, kochi wa Madrid?"

"Miyendo iyi ilibe batani lothamangira."

*

Pa chesi pali lamulo loti chomwe wakhudza, uchisunthe basi. Lamulungu achemwali anapha nkhuku. Tisanapemphere n'komwe, dzanja la mnyamata linali litafika kale pa nthutumba, imene aliyense amadziwa kuti ndi ya mwini khomo.

Bambo ake anatsokomola.

"Pepani bambo, ndaikhudza kale. Malamulo a chesi akuti ndiisunthe."

"Isunthe ndithu. Isunthire m'mbale mwangamu. Bolodi lino lili ndi mfumu imodzi."

*

Pa Scrabble chilembo cha Z chili ndi mapointi 10, ndipo chimakhala chimodzi chokha m'thumba. Iye amati iyeyo ndi Wellington Jighere wa mawa, mkulu wa ku Nigeria amene anakhala katswiri wa dziko lonse lapansi mu 2015. Z itamugwera, anaganiza kwa mphindi 20, n'kuyala mawu akuti "zitumbuwa". Azilongo ake anakana, ati mu dikishonale ya Chingelezi mulibe.

"Ndiye vuto ndi la dikishonale," anatero. "Chinthu chimagulitsidwa pamsika uliwonse, inu muziti kulibe?"

*

Koma nkhani yaikulu inachitikira kumudzi, pansi pa mtengo wa mango. Anayamba kuphunzitsa agogo ake aamuna: chesi ili ndi timabokosi 64, ndipo mu 1997 kompyuta yotchedwa Deep Blue inagonjetsa Garry Kasparov.

Agogo anakoka bawo yawo. "Nkhomo zanganso ndi 64, maenje 32. Khala apo."

Mnyamata ankawerenga maenje ndi chala, milomo ikugwedera. Agogo osayang'ana n'komwe. Dzanja lina likutakata, lina likufwenkha fodya wamphuno. Gobede gobede, adya. Gobede gobede, adyanso. Posakhalitsa mzere wakutsogolo wa mnyamata unali mbee, ngati nkhokwe ya mu Febuluwale. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu anatulutsa foni kuti awerengere pa kakyuleta.

"Agogo, kodi palibe poyambiranso?"

"Palipo. Katunge kaye madzi, ndiye ubwere."

Ali m'njira ndi ndowa, agogo anandinong'oneza: "Anakunamizani ndani kuti tsabola wakale sawawa?"

Pomwe ndikulemba pano, mnyamata wabwerera kusukulu ndi bawo yaing'ono m'chikwama, ndipo agogo ali ndi mapaketi atatu a shuga, fizi ya maphunziro a masabata awiri. Inu makolo, mwana akakuuzani kuti wapambana, yambani mwafunsa kuti wapambana pa chiyani. Akati ali kundende, funsani kaye ngati muli madayisi.