Magazi othamanga amaundana bwanji?

Pali chinthu chimene chikundizunguza mutu. Azakhali anga a ku Zóbuè anawapeza ndi BP, makina nkumaloza kupitirira 140/90, anamwino nkunena kuti magazi akuthamanga kwambiri. Tsiku lina akusinja anagwa pambali pa mtondo, dzanja lamanja lili lende, pakamwa patapotoka. Kuchipatala ku Tete anati magazi aundana mumtsempha wa muubongo. Nanga chinthu chothamanga chimaundana bwanji? Mtsinje wa Revúbuè ukadzaza suima, umangogumula magombe.

Akuti nkhani ili pa magombepo. Mkati mwa mtsempha muli kakhungu kosalala kamene kamathandiza magazi kudutsa osakakamira. Magazi akamakankha mwamphamvu zaka ndi zaka, kakhunguko kamakalika, ndipo thupi limayesa ndi bala. Maselo oyera amakhamukira pamenepo, mafuta amalowerera m'khoma, malowo nkutupa. Tizidutswa ta m'magazi totchedwa ma platelet timamatirira, ndipo chiwindi chimachulukitsa fibrinogen, amene amasanduka tiulusi tomanga chibuma cha magazi. Ndiye kuti thupi likutseka njira yake yomwe poyesa kudzichiza? Kutupa kumene ndimakudziwa ine ndi kwa chithupsa, kotentha, kosagonetsa tulo. Uku sikupweteka. Munthu angakudziwe bwanji?

Nanga fumbi? Chiyambire kukumba malasha kwambiri ku Moatize mu 2011, anthu akhala akudandaula ndi fumbi lakuda lodetsa zovala pachingwe ndi ufa pamphasa. Madokotala amati fumbi losalala kwambiri likalowa m'mapapo limayambitsanso kutupa kumene kumafika m'mitsempha, chimodzimodzi utsi wa fodya ndi wa nkhuni. Kodi mayi wa BP amene amapuma fumbi panja, utsi kukhitchini, madzulo nkudyera nsomba youma yamchere ya chicoa, mitsempha yake ipumula liti? Bungwe la WHO limati mchere usafike magalamu 5 patsiku. Ndani amayeza mchere wa munsomba youma?

Kafukufuku wa mu 2005 anapeza kuti ku Mozambique munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse ali ndi BP, ambiri osadziwa nkomwe. Ena amasiya mapilitsi mutu ukaleka kuwawa. Ena amadzigulira aspirin kuti magazi asaundane, pamene madokotala amachenjeza kuti BP ikakhala yokwera, mankhwalawo angachititse magazi kukha muubongo. Nanga bwanji ambirife timayamba kuyezetsa BP pokhapokha wina pabanja atafa kale ziwalo?