Nyali yathu imaweruka 8 koloko

Kwathu kuno kuli wantchito mmodzi amene palibe angamuchotse ntchito: nyali ya sola ya pamphambano. Imalowa 6 koloko madzulo, 8 koloko yaweruka. Akuba shifiti yawo imayamba 11.

Tinailemba ntchito tokha, posonkherana khomo ndi khomo. Utcheya wa komiti anapatsa ine, poti ndinakonzapo wailesi ya aneba poimenya mbama. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yosonkha imafika kusitolo itaonda, ndiye pa intavyu ndinangofunsa funso limodzi: "Yotchipa ndi iti, bwana?" Pakatoni analemba 1000W. Koma panelo yake inalowa m'chikwama changa, malo a mabanzi n'kutsala.

Mphwanga wa zamagetsi ataiona anaseka mpaka kukhala pansi. "Malume, mawati a pakatoniwa ndi CV chabe, aliyense amadzilembera. Mukanafunsa ma lumen, ndiwo amanena kuwala kwenikweni. Mukanafunsa ngati batire ndi ya lithiamu, komanso ngati ingasunge moto wa masiku awiri kapena atatu dzuwa litabisala." Anatinso panelo izipenya kumpoto, poti kuno dzuwa limapendekera kumeneko miyezi yambiri. Yathu ikupenya kunyumba kwanga. Utcheya uli ndi zokoma zake.

Mu Juni chiperoni chikangoyamba, wantchito wathu amapita kutchuthi osatsanzika. Mu Okutobala fumbi likakuta panelo amadwala, mpaka wina akwere makwerero kukamupukuta kumaso. Ali ndi kachipangizo komva kuti munthu akudutsa: amawala kwambiri ngati waona bwana, mukangopitirira wayambanso kusinza.

Ife tingaseke, tinataya zamasamba. Koma nanga zija za m'misewu ya m'tauni, zogulidwa ndi misonkho yathu? Tsiku lotsegulira kumakhala riboni, magule ndi ma alawansi, koma wokhala pansi kuwerengera ndalama yodzasinthira batire ikatha mphamvu, kapena yoitchinjiriza kwa akuba, simumuona. Mapolo amangoti ndandanda, ndipo mayi wochokera kogulitsa tomato amadutsa pansi pake mumdima, ndalama atabisa m'chovala, mtima uli m'mwamba. Wogula nyali yotere ndi ndalama za anthu ayenera kuyenda yekha msewu umenewo 10 koloko usiku, wapansi.

Yathuyi komiti yaiitana Loweruka kuti idzayankhe mlandu wojomba. Mkumano tauika masana, poti mkulu ameneyu ovataimu sagwira.