Mapanga awiri avumbwitsa, ngakhale ku Vilnius

Akuluakulu amene anayamba kunena kuti mapanga awiri avumbwitsa ankaganiza za munthu amene mvula yam'peza m'phiri. Phanga lina lili kumanja, lina kumanzere, iye n'kumathamangira uku, kubwerera uko, mpaka mvula kukata iye atanyoweratu. Sankadziwa kuti kudzabwera mbadwo woyenda ndi Google Maps m'manja, wokhoza kuona mapanga onse awiri pa foni, kuwerenga ndemanga za amene anabisalamo kale, n'kuvumbwabe.

Mayi wina amene ndimagwira naye ntchito kuno ku Vilnius, likulu la Lithuania, ndi wa ku Johannesburg ndipo ndi Myuda. Ayuda ambiri a ku South Africa makolo awo anachokera kuno, kuyambira cha m'ma 1880 mpaka lamulo la 1930 litachepetsa olowa m'dzikolo, ndipo amadzitchula kuti ma Litvak. Tsono mayiyu atapeza ntchito kuno anafika ndi zolinga ziwiri zimene anazilengeza tsiku loyamba pa tiyi: kupeza kumene agogo a bambo ake anabadwira, komanso kuona malo onse okongola a dziko lino. Ine ndinangoti, "Zonse ziwiri, mayi?" Iwo anati, "Nanga si ndikukhala konkuno? Nthawi ilipo yambiri."

Mawu amenewo ndi amene amapweteketsa aliyense wosamukira kunja. Mlendo wa masiku atatu amadzuka m'mamawa, kukwera nsanja ya Gediminas, kujambulitsa pa Gate of Dawn, kuwoloka kamtsinje kukafika ku Užupis, dera la anthu aluso limene linadzitcha dziko palokha pa 1 Epulo 1997, madzulo n'kukagona miyendo ikuwawa koma mtima uli m'malo. Wokhala konkuno amati ndipita Loweruka. Loweruka likafika, akusaka nyumba ya lendi. Linalo, akugula jekete chifukwa imene anabwera nayo dzinja la kuno likuiseka. Pofika Disembala dzuwa likulowa 4 koloko isanakwane, ndipo nsanja ija akuiona pawindo la basi.

Phanga linalo, lofufuza makolo, ndilo lamdima kwambiri. Zikalata zakale zimasungidwa ku Lithuanian State Historical Archives, ndipo gulu la LitvakSIG lamasulira zambiri n'kuziika pa intaneti kudzera pa JewishGen. Mayi wathu ankaganiza kuti angolemba dzina la banja, makolo n'kutulukira atandanda. Makolowo anatulukadi, koma ochuluka kuposa amene anawaitana. Ayuda a dera lino amapatsa mwana dzina la wachibale amene anamwalira, choncho m'banja limodzi mumapezeka anyamata angapo a dzina limodzi, onse akukhala msewu umodzi. Kalembera wa ufumu wa Russia, amene womaliza wa mtundu umenewo anachitika mu 1858, ankawerenga anthu pofuna msonkho ndi asilikali. Kuyambira mu 1827 ana aamuna a Chiyuda ankatengedwa kupita ku usilikali, ena akadali aang'ono kwambiri, ndiye makolo anzeru ankadziwa chochita: mwana uyu zaka zake zichepe, uyo zichuluke, winayo asalembedwe n'komwe. Ndiye kuti mdzukulu wa lero akufufuza anthu amene anachita khama kuti asapezeke. Boma la mfumu ya Russia linalephera kuwagwira ndi apolisi ake onse, iye akuyesa ndi laputopu pa nthawi ya nkhomaliro.

Ngakhale tsiku lobadwa limaterereka. Kalendala imene Russia inkagwiritsa ntchito inali kumbuyo ndi masiku 12 m'zaka za m'ma 1800, ndipo pambali pake rabi ankalemba tsiku la kalendala ya Chiheberi. Munthu mmodzi, masiku obadwa atatu, ndipo lachinayi ndi limene anauza kalaliki wa padoko ku Cape Town atatsika sitima ali ndi chizungulire.

Zitafika povuta anaimbira azakhali ake a ku Johannesburg pa WhatsApp. "Azakhali, kodi agogo ankati kwawo n'kuti kwenikweni?" Yankho linabwera mosakayika: "Ku Kovno, mwanawe, aliyense akudziwa." Kovno ndi Kaunas wa lero, ulendo wa ola ndi mphindi zingapo pa sitima. Anapitako, anaona nyumba imene kazembe wa Japan, Chiune Sugihara, ankalembera Ayuda othawa nkhondo ziphaso mu 1940, anabwerako atakhudzidwa mtima koma wopanda agogo. Patapita nthawi m'pamene anazindikira kuti Kovno linalinso dzina la chigawo chonse, chotenga mbali yaikulu ya Lithuania wa lero. Agogowo ankayankha monga munthu wa ku Mitundu akafunsidwa kwawo ali ku Joni: amangoti ku Lilongwe, kuti nkhani ithe msanga.

Apa m'pamene kuthamanga pakati pa mapanga kunafika pachimake. Akakhala pa kompyuta, dzuwa limawala panja, iye n'kumadandaula kuti chilimwe cha kuno n'chachifupi. Akatuluka, amaima pakati pa msewu kuwerenga imelo yochokera kwa msuwani wa ku Toronto amene sanamuonepo. Ku Trakai, kumene kuli nyumba yachifumu ya njerwa zofiira pachilumba cha nyanja ya Galvė, anaona kanyumba ka mapemphero ka matabwa n'kuganiza kuti wapha mbalame ziwiri... ayi, n'kuganiza kuti tsiku limenelo mapanga akumana. Koma kanyumbako n'ka a Karaim, anthu a chilankhulo chofanana ndi Chituruki amene mfumu Vytautas inawabweretsa kuchokera ku Crimea chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300. Si abale ake. Anabwerako ndi kibinai, timabanzi tawo tokhala ndi nyama m'kati, ndipo kunena zoona tonse muofesi tinaona kuti ulendowo sunapite pachabe.

Komabe mwambiwu uli ndi malire ake, ndipo Vilnius ndi mzinda umene umawaonetsa mopanda chifundo. Kuno phanga la wokaona malo ndi la wofufuza makolo nthawi zambiri lina lili pamwamba pa linzake. Mzindawu unkatchedwa Yerusalemu wa Kumpoto. Sunagoge wake wamkulu anawonongeka pa nkhondo, boma la Soviet linadzamugwetseratu m'ma 1950, pamalopo n'kumangapo sukulu. Akatswiri okumba zakale anapeza nsanja yowerengerapo Torah pansi pa sukuluyo mu 2018. Manda akale a ku Šnipiškės, kumene poyamba anaikidwa Vilna Gaon, mphunzitsi wotchuka amene anamwalira mu 1797, anafafanizidwa ndipo panamangidwa chinyumba cha masewera ndi zoimbaimba. Miyala ina ya pamanda a Ayuda inasanduka masitepe a mumzinda. Munthu akhoza kumajambula chithunzi chokongola ataima pa dzina limene wakhala akulisaka miyezi. Ndipo ku Paneriai, m'nkhalango ya mphindi zochepa pa sitima, kumene Anazi ndi owathandiza a konkuno anapha Ayuda pafupifupi 70,000 pakati pa 1941 ndi 1944, palibe amene amatulutsa foni kuti adzijambule akumwetulira. Mayi wathu anapitako yekha, ndipo Lolemba lake sitinamufunse kuti kunali bwanji.

Chimene chinamasula mfundo sichinachokere ku nkhokwe ya zikalata kapena ku nsanja iliyonse. Azakhali aja, atatopa ndi mafunso, anatuma mdzukulu wawo kukajambula mwala wa pamanda a agogo ku Johannesburg. Pa miyala ya pamanda ya Ayuda amalembapo m'Chiheberi dzina la womwalira ndi la bambo ake, ndipo mayina awiriwo atawaika pamodzi m'kalembera, anyamata ambiri aja anatsala mmodzi, wa ku Rokiškis, katauni ka kumpoto chakum'mawa pafupi ndi malire a Latvia, kamene Ayuda ankakatcha Rakishok. Ndiye taonani izi: buku lachikumbutso la Ayuda a ku Rakishok linasindikizidwa mu 1952, m'Chiyidishi, ndi anthu ochokera kumeneko, ndipo linasindikizidwira ku Johannesburg. Munthu anawoloka Africa yense ndi theka la Ulaya, kugula jekete ziwiri, kuphunzira kudya supu ya pinki yozizira ya bitiruti, pamene mwala ndi buku zinali mumzinda umene anakwerera ndege. Azakhali atauzidwa anangoti, "Rakishok, eya, n'zimene ndimanena."

Tikiti ya basi ya ku Rokiškis wagula kale, ya Loweruka likubwerali. Vuto ndi lakuti msuwani wa ku Toronto uja, atamva nkhani yabwinoyi, walemba kuti afika Lachisanu ndi mkazi wake ndi ana atatu. Akuti za makolo adzamva madzulo pa chakudya, koma anawo aona zithunzi za nyumba yachifumu ya pachilumba ndipo sakufuna kumva zina.