Makapisozi awiri pa Chitakale

Dzuwa likapendeka pa Chitakale, akabaza amaunjikana pamthunzi wa kaokala kena. Tiyeni tiime pompano ngati tikudikira minibasi ya ku Limbe, koma makutu ali tcheru.

Wafika mnyamata akufwenthera, waponya chenji pakauntala.

"Madala, makapisozi awiri. Chimfine chandipha."

"Awiri okha, aise?"

"Dola yavuta. Mawa ndidzuka bhobho."

Mwini okala wang'amba kapepala, wakulunga amokisilini ngati mchere wa makobidi ochepa. Mayi wobereka mwana wasunthira pafupi, akumasula mfundo ya chitenje: "Ine Bactrim, achimwene. Nkhuku zanga zikuwodzera."

Pabenchi pali agogo aamuna, akuti anagwirapo ntchito m'chipatala. Agogoda ndodo pansi kawiri.

"Ana inu, mukuphunzitsa tizilombo nkhondo. Mankhwala operewera amapha tofooka, tolimba n'kutsala tikuswana."

"Ndiye basi tatha, agogo?" wafunsa mnyamatayo, akuseka.

"Klorokwini uja munamuona? Anatha mphamvu, boma linamuchotsa mu 1993 n'kubweretsa Fansidar. Atapuma zaka, anayambanso kuluma."

Agogowa sakucheza chabe. Zotsatira za kafukufuku wa ku Blantyre zimene zinatuluka mu 2006 zinasonyeza kuti klorokwini anachiza malungo mwa ana 99 pa 100 alionse, tizilombo tosamva tija titazimirira. Koma za mabakiteriya a m'chipatala nzoopsa. Ku chipatala cha Queen Elizabeth, akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome anapeza kuti Klebsiella wa m'magazi wosamva mankhwala a gulu la ceftriaxone anakwera kuchoka pa 12 pa 100 mu 2003 kufika pa 90 mu 2016. Komabe chloramphenicol, amene madokotala anayamba kumuika pambali ceftriaxone atafika, wayambanso kugonjetsa ena mwa mabakiteriyawa. Mankhwala akasiya kumwedwa mwachisawawa, nthawi zina mphamvu zake zimabwerera, ngakhale zimatenga zaka ndipo sizichitika ndi mankhwala onse.

Mnyamata wameza kale makapisozi ake ndi thobwa, wakwera njinga akukuwa, "Boma! Boma!" Mayi uja akuwerenga mapiritsi m'dzanja.

Inu amene taima nanu pano, chimfine sichimva amokisilini, ndipo chitopa sichimva Bactrim. Mukadwala kayezetseni kuchipatala, ndipo akakulemberani mankhwala imwani monga mwauzidwa, osagawana ndi anansi kapena nkhuku.