Mmene ndinasandukira Quatro-zero-quatro

Palibe anandituma, ndivomereze zimenezo poyamba. Malume anali kungodandaula pakhonde kuti amalole ochokera ku Tete ndi ku Beira amafika kuno ku Domwe atapangana kale mtengo wa mbatatesi, mlimi n'kungotsala kugwedeza mutu. Ine, kalasi 12 nditangomaliza ku Ulongwe, mavidiyo a YouTube ali tho m'mutu, pakamwa panandiyabwa.

"Malume, gulu lanu likusowa webusaiti. Ogula azikuonani ali ku Maputo."

"Ndiye ndalama zingati, mphwanga?"

"Ulere."

Mawu amenewo ndiwo anandipha. Pofika madzulo mudzi wonse unkanditcha Engenheiro.

Ntchitoyo payokha si yoopsa. Tsamba la mtundu umenewu ndi mafayilo chabe: la HTML losunga mawu, la CSS lokongoletsa, ndi zithunzi. Umawakweza pa GitHub Pages, iwo n'kumaonetsa kwa aliyense osakulipiritsa. Ndinachezera masiku atatu pa laputopu yakale ya msuweni wanga, yomwe batire lake limafa magetsi akangophethira. Lamlungu tikuweruka ku tchalitchi ndinaiika pa mpando pansi pa mtengo, alimi atazungulira. Panaoneka minda yobiriwira, phiri la Domwe kumbuyo, malume ataima pa matumba ngati mfumu. Amayi ena analuluta. Chimene sindinawauze, poti nanenso sindinkachidziwa, n'chakuti zonse ankaonazo zinali m'mimba mwa laputopuyo basi.

Lolemba mnzawo wa malume anaimba ali ku Tete. Akuti watsegula, wapeza nambala 404 ndi Chingerezi. Malume anafunsa ngati umenewo ndi mtengo wa thumba. Ndinafufuza tsiku lonse, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali chisanu cha mu Juni, mpaka ndinapeza kuti fayilo yoyamba ndinailemba Index.html ndi I wamkulu. Windows salabadira kukula kwa chilembo, koma makina osunga tsambalo amafuna index.html ndendende. Chilembo chimodzi chinanditayitsa nsima ya masana.

Nditakonza, tsamba linatseguka lopanda chithunzi n'chimodzi chomwe. Njira ya zithunzi ndinali nditailoza ku C:\Users, kutanthauza kuti munthu wa ku Beira ankauzidwa kukatenga chithunzi m'chipinda changa. Ndinazikweza zonse 40, chilichonse cha mamega 5 monga chinachokera mu foni. Mlembi wa gulu anatsegula kamodzi kokha, mamega a Movitel amene anagula m'mawa womwewo n'kutheratu malume asanaoneke mpaka m'chiuno.

Kenaka dzina la boma lathu. Pa laputopu linkalembeka bwinobwino Angónia, koma pa intaneti m'malo mwa ó munali kachizindikiro kakuda kokhala ndi funso pakati. Notepad yakaleyo inasunga fayilo mu ANSI pomwe tsamba limawerengedwa mu UTF-8. Aphunzitsi ena opuma anayang'ana, nati, "Mwanawe, ngakhale intaneti ikufunsa kuti kwanu n'kuti."

Zonsezi anthu akanaseka n'kuiwala. Chachikulu ndi ichi. Potopa ndi kukweza fayilo imodziimodzi, usiku wina ndinangokoka chikwatu chonse n'kuponyamo. M'menemo munali chithunzi cha kope la msungichuma, chimene anandipatsa kuti ndikopere mayina a mamembala. Tsamba lomwelo la kope linali ndi mndandanda wa ngongole za feteleza. Ndipo pa akaunti yaulere, malo osungira mafayilo a tsamba amayenera kukhala otsegukira aliyense.

Anachipeza ndi mnyamata wina wophunzira zaulimi ku yunivesite ku Ulongwe, mwana wa membala. Anangotumizira bambo ake pa WhatsApp. Pofika Lachisanu chithunzicho chinali chitayenda mpaka ku msika wa pa malire ku Calómuè. Pamwamba penipeni pa mndandanda panali dzina la wapampando, malume anga, matumba 6 a chaka chatha osabweza, munthu amene pa msonkhano uliwonse ankadzudzula anzake ozengereza kulipira.

Ndinafufuta fayiloyo manja akunjenjemera. Mnyamata uja ananditumizira uthenga mwaulemu ndithu: "Achimwene, ikuonekabe mu history." Git, wosunga mafayilo pa GitHub, saiwala, ntchito yake n'kusunga chilichonse chimene unaikamo, ngakhale chimene wachotsa. Ndinagwetsa nyumba yonse, tsamba, zithunzi, masiku anga onse aja, koma m'mafoni a anthu kopelo linatsala.

Malume sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa. Anandiitana m'mawa, nandipatsa singano ya matumba ndi mpukutu wa chingwe.

"Engenheiro, lole ikubwera mawa. Soka."

Inabweradi, ya munthu yemwe uja wa ku Tete, ataitanidwa pa foni monga mwa zaka zonse, mtengo wake womwe uja. Ndinasenza matumba mpaka mapewa kusupuka. Ana a sukulu podutsa ankakuwa "Quatro-zero-quatro!" ndipo dzinalo lakanirira moti agogo, amene sanagwirepo kompyuta, amandiitana lomwelo akafuna madzi.

Sabata yatha a kwaya ya kwathu anabwera kudzafunsa ngati ndingawapangire tsamba. Ndinati ndiganizire kaye. Chikwatu ndatsegula kale.