Musagule Kaye, Atsopano Ali M'njira

Ngati mwafika ku Perth ndipo mukufuna kulowa m'gulu la anthu okonda kuyang'ana mbalame, musathamangire kugula magalasi oonera patali. Katswiri weniweni sagula, amadikira. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lawirirani ku Herdsman Lake, muime m'mbali mwa madzi, koma musataye nthawi ndi tsekwe wakuda wa khosi lalitali uja. Ameneyo mukamuona pa mbendera ya Western Australia, bwanji kudzivuta? Inu tembenukirani amene mwaima nayeyo, munong'one kuti, "Bambo, mwamva za a Leica?" Kenako mukumbutseni kuti magalasi a Leica otchedwa Noctivid anatuluka mu 2016, choncho china chake chikuphikidwa basi. Akafunsa amene wakuuzani, nenani kuti mlamu wa mnzanu amadziwana ndi wina wa kufakitale. Umboni susowa. Sitolo ikatsitsa mtengo, ndiye kuti akuchotsa akale. Ikakweza, akukonzekeretsa matumba athu. Wogulitsa akati sakudziwa kalikonse, amenewo ndiwo umboni waukulu, amulumbiritsa.

Manambala muwaloweze. Pa 8x42, 8 akutanthauza kuti mbalame ikula kasanu n'katatu, 42 ndi mamilimita a galasi lakutsogolo. Mnzanu akakonda 8, inu kakamirani 10 mpaka tiyi azizire.

Za magalasi a Swarovski muzilankhula mosamala. NL Pure ya mu 2020 muziitama, koma onjezerani kuti m'manja mwanu siikhala bwino, kuopa angakufunseni chifukwa chake mulibe. Ndiye pali AX Visio ya mu 2024, yomwe mukadina batani imakuuzani yokha dzina la chimene mukuonacho, mitundu yoposa 9,000 ya mbalame ndi nyama. Pagulu ikaneni mwamphamvu, munene kuti ikupha luso. Kuseri uzani anthu kuti mukudikira yachiwiri, chifukwa yoyambayi imalemera kuposa kilogalamu. Zoti itangotuluka mtengo wake unali pafupifupi madola 4,800 a ku America, ndalama yofolera nyumba ya malata kumudzi, musatchule, makamaka mayi akunyumba ali pafupi.

Mukudikira choncho, kambalame kotchedwa red-necked stint, kosakwana ndi magalamu 40 omwe, kafika ku Alfred Cove kuchokera ku Siberia, kadya, kanenepa, kabwerera. Musadandaule, kabweranso. Zinkhwe zakuda za Carnaby zija n'zimene sindingakulonjezeni, chifukwa mitengo ya banksia imene zimadya ikuthera nyumba ndi misewu. Komabe kuziona ndi magalasi achikale n'kudzichotsa ulemu.

Mu Okutobala, pa Aussie Bird Count, a BirdLife Australia amapempha mphindi 20 zokha zowerenga mbalame. Auzeni kuti chaka chamawa.

Chipewa chokha gulani lero lomwe. Mu Seputembala mbalame ya magpie imakhala ikulondera chisa, ndipo imeneyo siidikira kuti muione patali, imabwera yokha kudzakujomphani pankhongo.