Kalata yochokera ku Joni: galu wovala juzi

Johannesburg, mwezi wa Julaye

Alamu,

Ndikhulupirira nonse muli bwino ku Lizuluko, apongozi pamodzi ndi ana. Ine kuno ndili bwino, kungoti milomo yang'aluka, moti ndalama ikuthera vaselini kuposa ndiwo.

Munafunsa ngati kuno kumazizira kuposa kwathu. Alamu, chisanu cha ku Lizulu n'chaulemu. Chimabwera ndi nkhungu kuchokera kumapiri, chimayamba chaodira. Cha kuno sichiodira ayi. Kumwamba kuli mbee, dzuwa likuwala bwinobwino, koma mphepo ikukulowa mpaka m'mafupa. M'mawa kapinga amakhala atayera, madzi a m'mbale ya galu atauma gwa. Munthu wanzeru nthawi ngati imeneyo amakhala pambaula. Koma eni dziko amavala tikabudula n'kumapita kupaki.

Paki ndi munda waukulu umene anthu anagwirizana kuti asalimemo. Pafupi ndi kumene ndikugwira ntchito ya m'galadeni pali wina wotchedwa Delta Park. Dothi labwino, kamtsinje kakudutsa chakumunsi, timadamu tili momwemo, koma simungapeze ngakhale mzere umodzi wa kabichi. Ndikaima pamenepo mtima umandiwawa. Atakupatsani inuyo malo amenewa, bwenzi malole a ku Lilongwe ndi ku Blantyre akufola kudikira kachewere, mkangano wa chitini chodzadza kapena chosadzadza uli pakati.

Loweruka lina abwana anati ndiwaperekeze kumeneko. Titangotsika galimoto ndinaona chikhamu cha anthu chikuthamangira mbali imodzi. Paja ife akwathu kuno tikaona anthu akuthawa, timayamba taliyatsa liwiro, zofunsa n'zapambuyo. Ndinagwira thumba la mapepala n'kuyang'ana kumene kuli galimoto ya apolisi. Kunalibe. Akuti ndi parkrun: makilomita 5, Loweruka lililonse 8 koloko m'mawa, osalipira kalikonse. M'dziko muno inayambira pa Delta Park pomwepo mu 2011, ndipo anaibweretsa ndi Bruce Fordyce, mkulu amene anapambana ka 9 mpikisano wa Comrades, uja wa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg. Mtunda wake ndi pafupifupi makilomita 90, wapansi, mopanda kuthamangitsidwa ndi munthu.

Abwana anandilembetsa, nane ndinalowa. Munthu woti ndinakulira kukankha njinga ya matumba a kachewere pazitunda za kwathuko, makilomita 5 opanda katundu ndi kupuma. Ndinawadutsa abwana akupumira m'mwamba, ndinadutsa agogo ena oyenda ndi ndodo ziwiri ngakhale miyendo yawo ili bwinobwino, ndinadutsanso mayi wina wothamanga uku akukankha mwana pangolo. Pomaliza anandiombera m'manja ndithu. Ine n'kuima pambali kudikira mphoto, mwina kabulangete kapena sopo. Palibe. Amangokutumizira uthenga wokuuza mphindi zimene wathamanga, ngati kuti sunalipo.

Tsopano mvetserani za galu, koma achemwali anu musawauze, iwo amadziwa kuti ndine woyang'anira malo. Galu wa pano ali ndi majuzi awiri, wofiira ndi wamizeremizere, onse atsopano. Wanga uja ndi wa pakaunjika, woboka pachigongono. Madzulo ena adona amandituma kukamuyendetsa ku Emmarentia, kumene kuli damu ndi chibwalo cha agalu ochuluka kuposa a m'mudzi mwathu monse, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anagwirapo kalulu. Amandipatsa chingwe ndi timajumbo. Poyamba ndinkayesa timajumboto n'togulira zinthu panjira. Ayi ndithu. Galu akaima n'kuzungulira kawiri, n'kudzithandiza, iwe umavala jumbo kudzanja, kuwerama, kutola, kutembenuza, kumanga fundo, kenako n'kumayenda nazo mwaulemu mpaka utapeza bini. Galuyo amakhala akukuyang'ana. Chimene sindikanakuuzani pamaso n'chakuti m'chisanu chimenechi jumboyo imatenthetsa m'manja.

Lamulungu tikaweruka kutchalitchi timakumana anyamata angapo a ku Ntcheu ndi ku Dedza pa Zoo Lake. Kumeneko n'kumene mungalire, alamu. Abakha ndi atsekwe onenepa kuchita kulephera kuyenda, akudutsa pamapazi pako penipeni, ana akuwaponyera buledi. Buledi! Mnzathu wina wa ku Tsangano amangomeza malovu n'kuyang'ana kumbali, akuti dzanja lake salikhulupirira. Anthu amalipiranso ndalama kubwereka bwato, n'kupalasa kuzungulira damu, n'kubwerera pomwe anakwerera, opanda mbedza, opanda nsomba, akusekerera. Ena amayala nsalu pakapinga wouma n'kugona chagada padzuwa. Kwathu munthu wamkulu akagona padzuwa masana timati ndi malungo kapena ulesi; kuno amabwerera pagalimoto kudzachita zimenezo, ndi dengu la zakudya.

Chimodzi chokha ndawagonjera: kuotcha nyama. Utsi ukayamba kufuka, soseji yawo yaitali yokulungiza ija ikulira pamakala, kanyenya wa pamsika amachepa. Koma nsima yawo imene amati pap ndi ya ufa wogula, yosakoma m'manja, ndipo chipisi chake sichingafike pa cha pachiwaya cha pa Lizulu, chothira tsabola ndi kabichi wodula pomwepo.

Anzanga amakonda kukumbutsana za pa 10 Julaye 2023, Lolemba, tsiku limene kunagwa sinowo muno mu Johannesburg, koyamba chigwereni mu 2012. Ana anatuluka m'makalasi, akuluakulu kusiya ntchito n'kuthamangira panja kukajambulitsa. Ine ndinali kalikiliki kufunditsa maluwa a adona ndi masaka, mtima uli kudimba kwanu, kuganiza kuti zoterezi zitagwa kumeneko tomato yense angapse usiku umodzi, anthu n'kumati wina watilodza.

Ndapereka katundu kwa wa transipoti yemwe uja. Muli bulangete lalikulu la apongozi, nsapato za ana ndi jekete lanu; musalivale popita kudimba, n'la kutchalitchi ku Mlanda. Ndalama ya feteleza nditumiza mwezi ukatha, ndipo ndati ya feteleza, alamu, osati yokawolokera nayo msewu kupita tsidya la Mozambique kumene mowa umatsika mtengo. Pobwerera mumupatsire ufa woyera, nyemba ndi kausipa pang'ono, mumange bwino kuti kasanunkhe m'basi. Galu wathu uja musamuwerengere kalatayi, angayambe kufunsa za juzi.

Moni kwa onse.

Ndine mlamu wanu wa ku Joni.